Tisanje mafilimu tonse pamodzi, osati a pabenchi yakutsogolo okha

Kupatula mpira ndi mtengo wa usipa, palibe nkhani imene imautsa mkangano msanga m'madooko a kwa Malenga Chanzi kuposa ya mafilimu. Mwera ukakalipa, mabwato ali pamtunda, alovi amakhala pamchenga n'kumasoka maukonde uku akutsutsana. Wina amati palibe filimu yoposa ya karate. Mnzake amati karate ndi ya ana, zenizeni ndi zankhondo. Wachitatu amaseka onse awiri n'kunena kuti amene sadaonere filimu ya ku Nigeria sadziwa moyo.

Mkanganowu umaoneka ngati wongotayitsa nthawi, koma uli ndi zotsatira zake. Mwini nyumba yoonetsera kanema amamvera zokamba za makasitomala ake. Akapita kwa anyamata a makompyuta paboma kukaika mafilimu mufulashi, amasankha zimene zidzadzaze mabenchi. Motero mtundu wa filimu umene wapambana pamkangano wa kudooko ndi umene mudzi wonse udzaonere mwezi umenewo, kuphatikizapo ana amene amasuzumira pamng'alu wa chitseko.

N'chifukwa chake ndikupempha anzanga okonda kanema kuti tisanje mitundu ya mafilimu, kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, koma tisanje tonse. Pakadalipano mndandandawu ukulembedwa ndi gulu limodzi lokha la anthu.

Tiyambe taona mitundu imene tili nayo ndi kumene idachokera. Dziko lino lidakhala opanda wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999 pamene TVM idayamba kuulutsa. Choncho ambiri a ife tidadziwira filimu m'nyumba zolipiritsa pakhomo, za matepi ndi jenereta. Eni nyumbazo ankakonda mafilimu osalira kumva Chingerezi, oti ngakhale wosapita kusukulu atsatire. Apa ndi pamene karate ndi nkhondo zidapezera malo. Bruce Lee wa mu Enter the Dragon ya 1973, Sylvester Stallone amene adayamba kusewera ngati Rambo mu 1982, Arnold Schwarzenegger wa mu Commando ya 1985 ndi Jean-Claude Van Damme wa mu Bloodsport ya 1988 adasanduka ngati abale athu. Chibakera sichisowa womasulira, ndipo aliyense ankadziwa lamulo lake lakuti mwini filimu safa.

Kenaka kudabwera mafilimu a ku Nigeria. Ntchito yawo idakula kuchokera pa filimu ya Living in Bondage ya 1992, yonena za bambo amene adapereka mkazi wake nsembe pofuna chuma. Mafilimuwa atafika kuno adatikopa chifukwa nkhani zake n'zodziwika: apongozi ovuta, mitala, kukhwima, kulanda chuma cha amasiye, abusa oona ndi abusa onyenga. Adatipatsanso anthabwala monga Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene timangowatchula kuti Aki ndi Pawpaw, komanso John Okafor, Mr Ibu uja, amene adamwalira mu 2024.

Mafilimu achimwenye nawo ali ndi anthu awo, okonda nyimbo, magule ndi chikondi chodutsa m'minga. Palinso masizoni a ku Korea, ku Philippines ndi ku Turkey, amene munthu ukayamba gawo loyamba ndiye kuti wagwidwa mpaka sabata ithe. Tisaiwale mafilimu achipembedzo, monga ija ya Yesu ya 1979 imene idaikidwa m'Chichewa ndipo yakhala ikuonetsedwa pabwalo m'midzi yambiri.

Chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi kubwera kwa anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Lero filimu ya ku China imalankhula ngati munthu wa kwathu konkuno, mfumu ya ku Korea imatchula nsima ndi kabaza. Luso limeneli silili kuno kokha, pakuti ku Uganda ndi ku Tanzania kulinso omasulira otchuka m'zinenero zawo. Koma pali kanthu kena koti tikaone. Nthawi zambiri tikamati filimu yakutiyakuti ndi yabwino, timakhala tikuyamikira pakamwa pa womasulira, osati filimuyo. Womasulira waluso amatha kukometsa filimu yopanda mutu, ndipo wotukwana amatha kuipitsa filimu imene mwini wake adaikonza mwaulemu. Posanja, ziwirizi tizisiyanitse.

Tsopano funso lalikulu ndi lakuti, akusanja ndani? Lowani m'nyumba yoonetsera kanema iliyonse ya m'mbali mwa nyanja muno, mudzapeza kuti mabenchi adzaza ndi anyamata ndi abambo. Amayi amene atandala akuyanika usipa pathandala kapena akupuntha mpunga salowamo kawirikawiri, ena chifukwa cha ntchito, ena poopa kunenedwa. Iwo amaonera kunyumba, pafoni kapena pakanema wa sola wa oyandikana nawo, ndipo zimene amakonda sizimveka kudooko. Agogo safunsidwa n'komwe. Ana amaonera zimene akulu asankha. Ndiye tikamanena kuti anthu a kuno amakonda zankhondo, tikunena anthu ake ati?

Nkhani yofanana ndi imeneyi idachitikapo kunja. Magazini ya ku Britain yotchedwa Sight and Sound imafunsa akatswiri a mafilimu zaka khumi zilizonse, kuyambira 1952, kuti atchule filimu yopambana zonse. Kuyambira 1962 mpaka 2002 filimu ya Citizen Kane ndi imene inkakhala pamwamba. Mu 2012 Vertigo idalanda mpando. Mu 2022 magaziniyo idachulukitsa ovota kufika poposa 1 600, kuchoka pa 846 a ulendo wapitawo, ndipo idaitana anthu a m'maiko ndi m'magulu osiyanasiyana. Zotsatira zake zidadabwitsa ambiri. Idapambana ndi Jeanne Dielman, filimu ya 1975 ya mayi wa ku Belgium, Chantal Akerman, yoonetsa mayi wamasiye akugwira ntchito zapakhomo kwa maola opitirira atatu. Mafilimu adali omwewo, chidasintha ndi anthu ofunsidwa. Kwathu kunonso mutafunsa amayi a pamsika wa Nkhotakota, ophunzira a kusekondale, mashehe, abusa ndi alovi, mndandanda wa kudooko sungatuluke mmene ulili.

Kuti kusanja kukhale kwachilungamo pafunika muyeso umodzi, monga mmene wogula ndi wogulitsa usipa amayamba agwirizana za chigoba. Ine ndikupereka mafunso anayi. Loyamba, kodi filimuyi ungaifotokoze kwa mnzako mawa n'kumveka mutu ndi mchira wake? Lachiwiri, kodi ungaonere uli pamodzi ndi mayi ako, mlamu wako kapena mwana wako osayang'ana pansi? Lachitatu, kodi itachotsedwa mawu a womasulira ingatsale ndi kanthu? Lachinayi, kodi ukamatuluka watolapo chiyani, kaya ndi phunziro, chitonthozo kapena kuseka kochotsa kutopa? Kuseka nakonso ndi phindu, tisakupeputse.

Ndi muyeso umenewu, mndandanda wanga ndi uwu, ndipo ndauika poyera kuti mutsutse.

Pamwamba ndaika nkhani za kwathu kuno. Sindikutero chifukwa cha chifundo ayi. Shemu Joyah adatipatsa Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito amene abwana ake adamupatsa mimba, mwana n'kutengedwa, iye n'kudzabwerera ataphunzira kudzamenyera mwana wakeyo. Mu 2012 adatulutsa The Last Fishing Boat, yonena za msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja pamene mwana wake wasiya bwato n'kumathamangira alendo odzaona malo. Mlovi aliyense wa kuno angadzione yekha mufilimu imeneyo. The Road to Sunrise, ya Joyah yemweyo, idapata mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018, mphoto imene Joyce Mhango Chavula adaitengaponso mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Palinso Fatsani ya Gift Sukali, ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu, ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana nalo lathu lino. Ena tidaseka katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunja mufilimu imeneyo, koma njala ya 2002 imene idaonetsa tidaizindikira tonse.

Pachiwiri ndaika zanthabwala. Mtundu umenewu ndi wokhawo umene umakhazika agogo, mdzukulu ndi mlendo pamphasa imodzi. Tidakulira Izeki ndi Jakobo, tidatsatira Manganya mu Tikuferanji, ndipo The Gods Must Be Crazy ya 1980 ikusekesabe ana amene makolo awo adali asadabadwe pamene inkajambulidwa.

Pachitatu pali nkhani za m'banja, za ku Nigeria ndi masizoni omwe. Zimagwira mtima ndipo zimayambitsa zokambirana zenizeni pakhomo. Chimene chazitsitsa ndi chizolowezi chothetsa vuto lililonse ndi ufiti. Wolemera aliyense ndi wokhwima, nkhalamba iliyonse ndi mfiti. M'dziko limene okalamba akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene powaganizira ufiti, filimu yotere imathira mafuta pamoto woyaka kale.

Pachinayi ndaika karate. Anzanga a kudooko andikhululukire, sindikuinyoza. Filimu yabwino ya karate imaphunzitsa kupirira, kulemekeza mphunzitsi ndi kudziletsa, ndipo Jackie Chan amaphatikiza luso ndi nthabwala mosaopsa mwana. Koma nkhani zake zimafanana kwambiri: aphedwa mphunzitsi, wophunzira abwezera. Achimwenye ndawaika pachisanu, pafupi kwambiri ndi karate, chifukwa ali ndi ulemu ndi nyimbo zokoma ngakhale amatalika ngati ulendo wa pa Ilala.

Pansi penipeni pali zankhondo za mfuti, zija munthu mmodzi amapha mazana osatha zipolopolo. Mukachotsa phokoso ndi nthabwala za womasulira, palibe chotsala. Zolaula sindinaziike n'komwe pamndandanda. Dziko lino lili ndi lamulo loona za zoonetsa ndi zisangalalo kuyambira 1968, koma lamulo silingakhale pakhomo pa nyumba iliyonse usiku. Amene angateteze mwana ndi mwini nyumbayo, makolo ndi mafumu. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono, ndipo mwana wa sukulu amene ali pabenchi nthawi ya maphunziro ndi mlandu wa tonsefe.

Wina afunsa kuti, ngati mafilimu a kwathu ndi abwino chotero, bwanji sadzaza mabenchi? Funsoli ndi loona. Ena mwa mafilimu athu mawu samveka bwino, ena amakoka nkhani mopanda chifukwa, ndipo ena abwino kwambiri ali m'Chingerezi chochuluka, choncho amafika kwa anthu a m'tauni okha. Komanso ambiri mwa iwo sapezeka kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni. Akapezeka, amakopedwa ulere ndipo amene adagulitsa katundu wake kuti ajambule salandira ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi mchitidwewu kuyambira 1992, koma nkhondoyi singathe ngati ife oonera sitiona vuto. Sitingamadandaule kuti mafilimu athu ndi ochepa uku tikudya mbewu ya mlimi.

Kusanja mitundu kokha sikukwanira. Tisanjenso mitu ya nkhani imene tikufuna kuiona ikujambulidwa, chifukwa Nkhotakota ili ndi nkhani zoposa za Rambo. Pano ndi pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikitsa malonda a akapolo ndi minyanga m'zaka za m'ma 1840, anthu n'kumawolotsedwa nyanja ulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ukuonetsedwabe kwa alendo. Kodi mudaonapo filimu yofotokoza nkhaniyi kuchokera m'maso mwa mayi amene mwana wake adakwezedwa m'chombo? M'nkhalango ya Nkhotakota mudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Nanga nkhani ya mlimi wa m'malire mwa nkhalangoyo ndi munda wake wa chinangwa? Palinso mpasa wa mumtsinje wa Bua, asodzi a padziwe la Chia, ndi usiku umene mwera umapeza alovi ali pakati pa nyanja, akazi awo akudikira pagombe. Okonda zoopsa, okonda zachikondi ndi okonda zankhondo onse angapeze gawo lawo m'nkhani zimenezi.

Ntchito yosanjayi siyolira ndalama. Mwini nyumba ya kanema atha kupachika pepala pakhomo anthu n'kumachonga. Makalabu a achinyamata ndi magulu a amayi a banki m'khonde atha kukambirana akatha zokambirana zawo. Wailesi ya m'dera lathu itha kutsegula mafoni ola limodzi. Chachikulu n'chakuti pomaliza zotsatirazo zifike kwa amene amasankha zoonetsa, ndipo pakhale masiku ena a filimu zoti banja lonse lingalowe. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye ndikusiyirani inu owerenga. Lembani mitundu isanu imene mumakonda, muisanje, mupereke chifukwa cha uliwonse, ndipo mutchule mutu umodzi wa nkhani ya kwanuko umene mukufuna utajambulidwa. Musanatumize, funsaninso mayi a kunyumba, agogo ndi mwana wa sukulu kuti nawo aikepo yawo. Mukapeza kuti mndandanda wawo wasiyana ndi wanu, tumizani yonse.