Kuwala kwa Kumpoto ndi Maso a Anthu Oyang'ana Thambo

Kuwala kumene akatswiri amakutcha aurora borealis, dzina limene Galileo anagwiritsa ntchito m'chaka cha 1619, kumaoneka usiku m'madera ozizira a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, monga Tromsø ku Norway, Abisko ku Sweden ndi Yellowknife ku Canada, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Malichi, pamene usiku umatalika. Kumabwera pamene tinthu ting'onoting'ono tamagetsi tochokera kudzuwa talondola mphamvu ya maginito ya dziko lapansi n'kukawombana ndi mpweya pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposerapo, ndipo mpweya wa okosijeni ndiwo umatulutsa kubiriwira, pomwe m'mwamba kwambiri mpweya womwewo umafiira.

Eni dera sanadikire sayansi kuti akupatse dzina. Anthu a ku Finland amati revontulet, kutanthauza moto wa nkhandwe, poti nthano yawo imati nkhandwe ikamathamanga, mchira wake umamwaza nthethe zamoto kuthambo. Asámi, amene amaweta mphalapala za kumeneko, ankaphunzitsa ana kuti kuwalako kukaoneka akhale chete, asaimbe mluzu ndiponso asakunyoze. Mchewa sangadabwe nalo langizoli, pakuti nayenso anakula akuletsedwa kuimba mluzu usiku, ndipo uta wamitundu umene umaoneka mvula ikamakata anautcha utawaleza, ndiko kuti uta wa Leza. Achewa ndi anthu a ku Finland anatchula za kuthambo ndi mawu a zinthu zapafupi, uta wa mlenje ndi nyama ya m'tchire, ndipo Asámi anazichitira ulemu.

Kusiyana kuli pa chimene diso likufuna. Mlimi wa ku Dedza kapena ku Chipata amayang'ana kumwamba chifukwa chakudya chake chili kumeneko: mitambo ya Novembala imamuuza zobzala, ndipo nthanda imamudzutsa m'bandakucha kuti alawirire kumunda. Mlendo wa ku Tromsø, kumene dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka m'kati mwa Januwale, amalipira ndalama zambiri kuti galimoto imuthawitse kumagetsi a mumzinda, akaime m'chisanu maola angapo podikira chinthu chimene mitambo ingathe kubisa usiku wonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri kuwalako kukafika amakuonera pa kamera, poti kamera imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali n'kuonetsa kubiriwira kumene diso linangoona ngati kamtambo kotuwa.

Malawi ali pafupi kwambiri ndi mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi, kotero kuwala kotereku si kwa thambo lake, ngakhale kuti m'mwezi wa Meyi 2024 dzuwa litawinduka mwamphamvu, kuwala kwa kummwera, aurora australis, kunafiiritsa thambo kufupi ndi Cape Town. Koma mdima umene alendo amaugula ku Abisko ulipo wochuluka pa phiri la Nyika ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi mlalang'amba umayala nyenyezi zake kudutsa thambo lonse.