Olankhula pa foni ayambe kuitanira anthu pabwalo

Kale munthu akafuna kuti mawu ake amveke kutali anayenera kulembedwa ntchito ku wailesi. Masiku ano mnyamata wa ku Mualadzi kapena ku Cassacatiza, malinga ali ndi foni yamoto wokwanira, angathe kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mnzake, kucheza za mtengo wa fodya, za maukwati ndi za mpira, kenaka n'kutumiza machezawo pa WhatsApp kapena pa Facebook. Anthu a m'tauni pologalamu yotereyi amaitcha podikasiti. Ndi wailesi yopanda bwana, koma tsoka lake ndi lakuti ilibenso malipiro pakutha pa mwezi.

Achinyamata angapo akhala akundifunsa kuti kodi ndalama zake zimachokera kuti. Ambiri amaganiza kuti anthu akangomvera, eni ake a intaneti amayamba kutumiza ndalama. Sizili choncho ayi. Kuti YouTube iyambe kukugawirako ndalama za otsatsa malonda, imafuna kuti ukhale ndi okutsatira 1,000 ndiponso kuti anthu akhale ataonera zinthu zako kwa maola 4,000 m'chaka chimodzi. Kuno kwathu omvera ambiri sapita n'komwe pa YouTube. Mmodzi akalandira mawuwo amagawira anzake khumi kudzera pa Bluetooth kapena pa kakhadi ka m'foni, poopa kutha kwa mayunitsi. Dzina limatchuka m'midzi yonse ya m'malire, koma m'thumba mulibe kanthu.

Anzathu a ku South Africa anaona msanga kuti munthu amene amakumvera tsiku ndi tsiku amalakalaka kukuona ndi maso. MacG, amene anayambitsa pologalamu ya Podcast and Chill mu 2018, atakwanitsa omutsatira 1 miliyoni pa YouTube mu 2023 anaitanira anthu ku holo yaikulu ya SunBet Arena mumzinda wa Pretoria, ndipo anthu anagula matikiti kuti akaonere macheza amene akanatha kuwamvera ali kunyumba. Pologalamu yomweyo mu 2021 inathawidwa ndi makampani ena amene ankaithandiza, chifukwa cha mawu amene anakhumudwitsa anthu. Kampani ingathe kuchoka tsiku limodzi, pamene omvera amene amalipira okha pakhomo sachoka onse nthawi imodzi.

Koma tisapite kutali, pakuti nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Akuluakulu akukumbukira a Julius Chongo ndi nthano zawo za Poceza M'madzulo pa wailesi ya boma ya Zambia. Iwo anali ndi wailesi yowanyamulira mawu. A John Nyanga ndi a Eric Mabedi, amene tonse tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, mawu awo tinkawamva kuchokera ku Malawi, komabe iwo pamodzi ndi gulu la Kwathu ankayenda m'maholo, anthu n'kumalipira pakhomo kuti aseke nawo maso ndi maso. A Nyanga anatisiya mu 2016 ndipo a Mabedi mu 2021, koma njira imene anadutsa ikadalipo.

Tsono kumudzi khomo lili ndi malamulo akeake, ndipo ine ndinawaphunzira movutika. Chaka china ine ndi mnzanga tinakonza macheza a madzulo pamudzi wina wa m'boma lathu lino. Tinabwereka chipinda, tinachita hayala jenereta ndi masipika, tinalengeza kwa sabata yathunthu. Anthu anabwera ambiri ndithu, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma pakhomo tinaikapo msuweni wa mnzangayo, ndipo aliyense wofika anali mlamu wake, malume ake kapena mpongozi wake. Ena onse anangoima m'mawindo n'kumamva bwinobwino osalipira, popeza masipika tinawakweza kwambiri. Nkhani ili pakati mafuta anatha mu jenereta. Titawerenga ndalama usiku umenewo, mwini jenereta ndiye anapita kwawo akumwetulira.

Cholakwa chathu chachikulu chinali nthawi. Tinaitana anthu mu Febuluwale, nkhokwe zili pululu, aliyense akuganiza za ufa. Ndalama kuno imayenda m'miyezi ya Juni ndi Julayi, fodya atagulidwa, chimanga ndi mtedza zili m'nyumba, misewu itauma. Tsiku labwino ndi la msika, chifukwa anthu abwera kale okha ndipo sufunika kuwalipirira ulendo. Ndipo usaiwale kuti maliro akagwa pamudzi zonse zimaima. Pangana ndi mwini masipika pasadakhale kuti zikatero tsiku lidzangosunthidwa popanda kulipiranso.

Masamu ake achitidwe ndi pensulo tsikulo lisanafike. Tiyerekeze kuti khomo ndi mametikali 50 ndipo olipira ndi anthu 100. Zonse pamodzi ndi 5,000. Chotsapo za mafuta, masipika, chipinda, oyang'anira pakhomo ndi njinga yamoto yonyamula katundu. Ngati zotsalazo sizikukwana kugula mayunitsi a miyezi iwiri, ndi bwino kuchitira masana, opanda magetsi, ndi sipika imodzi ya batire. Pakhomo paime munthu wochokera mudzi wina, wopanda achibale pamenepo. Ndiponso ife a m'malire timagwira ndalama zitatu: metikali, kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi. Mtengo wa iliyonse ulembedwe pachitseko, chifukwa amene analandira kwacha ya Malawi mu Novembala 2023, pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene zimapwetekera. Amene ali ndi M-Pesa kapena e-Mola alipire msanga, ndipo mayi wobwera ndi mbale ya mtedza asabwezedwe, mtedzawo udzagulitsidwa.

Za kwa amfumu sindifunika kukuphunzitsani. Palibe amene amasonkhanitsa anthu pamudzi wa eni ake osayamba wagwada kwa mwini mudzi ndi kudziwitsa a boma a m'deralo.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa. Macheza akayamba kukoka anthu, pamabwera mwini golosale kapena wogula mbewu n'kunena kuti alipira masipika onse bola dzina lake litchulidwe. Zimenezo n'zabwino, ndipo ndalama yake imaposa ya pakhomo. Koma ngati nkhani ya tsikulo ndi sikelo zobera alimi, ndipo amene walipira masipika ndi mwini sikelo, pakamwa pako padzalemera. Wandale ndiye woopsa koposa. Ine ndimati landirani kwa ogulitsa angapo pang'onopang'ono, kusiyana ndi kulandira zonse kwa munthu mmodzi.

Pomaliza pake anthu salipira kuti adzangokuyang'anani nkhope. Mlangizi wa zaulimi akhalepo kuti ayankhe mafunso, namwino akhalepo, agogo odziwa mbiri ya mudzi apatsidwe mpando, oimba a pamudzipo ayambe ndiwo. Maikolofoni izungulire kwa anthu, ndipo amayi asasiyidwe kumbuyo. Zonsezo zijambulidwe kuti zikhale pologalamu ya sabata yotsatira, koma aliyense wolankhula auzidwe poyamba kuti mawu ake akamveka mpaka ku Katete ndi ku Mchinji, kuti wosafuna anene nthawi yomweyo.