Manambala Atatu Oyamba: Zomwe Amaulula ndi Zomwe Amabisa

Nambala ya foni ya ku America imakhala ndi manambala 10 otsatira +1, ndipo atatu oyambirirawo amatchula dera. Mukaona 212 ndiye kuti ndi New York, 312 ndi Chicago, 202 ndi Washington, likulu la dzikolo. Ine ndinayamba kuchita nazo chidwi mchemwali wanga atapita kukagwira ntchito ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri. Mayi athu anailoweza pamtima 574, nambala ya kumeneko, moti ikangotuluka pafoni amasiya ndiwo pamoto n'kuthamangira kukayankha.

Dongosololi linakhazikitsidwa mu 1947 ndi kampani ya AT&T, ndipo poyamba madera anali 86. Kagawidwe kake kanatsatira kuchuluka kwa anthu. Amene munagwirapo lamya zakale zopukusa ndi chala mukukumbukira: umalowetsa chala pabowo, n'kupukusa mpaka pakachitsulo, kenako gudumu limabwerera likulira kete-kete. Pa 1 linkalira kamodzi, pa 0 linkalira ka 10. Mizinda yoimbiridwa kwambiri anaipatsa manambala osachedwa kupukusa. New York pa 212 inkangofuna kulira 5, Los Angeles pa 213 kulira 6, pomwe South Dakota, chigawo cha minda ndi ziweto, inapatsidwa 605, kulira 21. Lamya yoyamba yodziimbira wekha kudera lakutali, popanda wolumikiza, inaimbidwa mu 1951 kuchokera ku Englewood, New Jersey, kupita ku Alameda, California.

Mpaka lero manambalawa amafotokoza komwe anthu athithikana. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 39 miliyoni ku California, ndipo chigawochi chili ndi manambala a madera oposa 30. Wyoming, yomwe anthu ake sakwana 600,000, yonse imakwana pa 307 yokha. Chimodzimodzi Vermont pa 802 ndi Alaska pa 907. Mafoni a m'manja atachuluka manambala anayamba kuchepa, choncho mu 1995 lamulo lakale loti nambala yapakati ikhale 0 kapena 1 linachotsedwa, ndipo m'mizinda ina dera limodzi lili ndi manambala awiri kapena atatu.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi: manambala atatuwa amanena komwe nambala inabadwira, osati komwe woimbayo waima. Munthu amasamuka ndi foni yake. Wotenga nambala ku Chicago akhoza kukhala zaka zambiri ku Texas akugwiritsabe ntchito 312. Choopsa kwambiri n'chakuti kudzera pa intaneti, akathyali amatha kuchititsa foni yanu kuonetsa nambala iliyonse yomwe afuna, ngakhale yofanana ndi ya kudera komwe kuli m'bale wanu. Vutoli linakula mpaka bungwe loyang'anira zamauthenga ku America, FCC, linalamula makampani akuluakulu kuyamba kutsimikizira manambala a oimba pofika mu June 2021.

Msampha wina wabisala mu +1 momwemo. Chizindikirochi si cha America yokha. Canada imagwiritsanso ntchito, pamodzi ndi zilumba zambiri za ku Caribbean: 876 ndi Jamaica, 809 ndi Dominican Republic, 473 ndi Grenada. Akuba amakuflashani kamodzi usiku n'kudula. Inu poganiza kuti mwana wanu wapeza vuto kunjako mumaimbanso, osadziwa kuti mwalowa pa nambala yodula kwambiri. Kumeneko amakuchedwetsani ndi nyimbo kapena mawu ojambulidwa, mayunitsi anu akutha, gawo la ndalamazo likupita m'thumba mwawo. Zimandipweteka chifukwa ogwidwa kwambiri ndi makolo, amene mtima wawo umakhala kwa ana awo akutali.

Nanga nambala yachilendo tingaifufuze bwanji? Yambani ndi chizindikiro cha dziko: +265 ndi kwathu ku Malawi, +260 Zambia, +258 Mozambique, +263 Zimbabwe, +27 South Africa, +44 Britain. Ngati ndi +1, onani manambala atatu otsatirawo kuti ndi a dera liti. Kenako lembani nambala yonseyo pa Google, poti nambala za makampani ndi za akathyali odziwika nthawi zambiri zimapezeka. Mukhozanso kuisunga m'foni n'kuona ngati pa WhatsApp pali chithunzi kapena dzina. Ena amadalira Truecaller, yopangidwa ku Sweden, koma dziwani kuti mayina ake ambiri amachokera m'mafoni a anthu ena, kotero akhoza kulakwika. Mwini weniweni wa nambala amadziwika ndi kampani ya foni, ndipo kampaniyo siulula kwa munthu wamba, koma kwa apolisi potsatira malamulo.

Choncho abale anga, nambala ya kunja yosaidziwa ikakuflashani, musaimbenso. Wokufunani zenizeni aimbanso kapena alemba uthenga. Wina akaimba n'kunena kuti m'bale wanu ali pamavuto tumizani ndalama msanga, dulani, muimbire m'baleyo pa nambala yomwe munaisunga kale. Ndipo zimenezi kawafotokozereni agogo ndi makolo kumudzi lero lomwe, akathyali asanawapeze.