Ukwati wa kwa Zingalume unathera mu khadi limodzi

Chaka chatha ife a m'tauni tinasonkha ndalama za ukwati wa msuweni wanga kwathu kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza. Ambiri sitinapite. Mukudziwa mtengo wa basi pa Intercity, kupita ndi kubwera. Tinagwirizana kulipira wojambula vidiyo kuti ukwatiwo tidzauonere pa foni. Mnyamatayo anajambula tsiku lonse, kuyambira kutchalitchi mpaka magule a madzulo. Patapita sabata anafufuta khadi lomwelo kuti akajambule maliro, poganiza kuti zonse anakopera kale. Anali asanakopere. Manje tili ndi zithunzi zinayi chabe za pa WhatsApp, ndipo agogo amene analangiza akwati tsiku lija anatisiya mu January.

Mnyamatayo si wakuba, ndipo kamera yake inali yabwino. Chinamugwetsa ndi ntchito imene imayamba kamera ikazima. Ndalemba izi chifukwa anyamata ambiri ku Matero, Chawama ndi Kanyama alowa ntchito yomweyi, ndipo enanu m'minibasi muno ndinu amene mumawalipira.

Akatswiri okonza vidiyo ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunyumba ina. Sayamba kudula kalikonse asanakopere. Vuto ndi kukula kwa mafayilo. Kamera yojambula 4K pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola limodzi. Ukwati wa maola 6 ndi 270 GB. Amene angakuuzeni kuti muzisunga zonsezo pa intaneti sanagulepo bundle kumudzi. Njira yotheka ndi ma hard drive awiri, ndipo khadi lisafufutidwe mpaka mwatsegula mafayilo pa onse awiri n'kuona kuti akusewera. Chenjeraninso ndi makhadi otchipa a pamsewu. Ena amalembedwa 128 GB koma mkati ndi ochepa, ndipo mumadziwa mochedwa, mkwatibwi atavula kale diresi.

Za kompyuta anthu amaopsezana kwambiri, ati popanda Mac palibe chimene ungachite. Bodza. Laputopu ya RAM 16 GB yokhala ndi SSD imagwira ntchito, bola mudziwe ma proxy. Awa ndi makope ang'onoang'ono, opepuka, amene pulogalamu imapanga kuchokera ku mafayilo akuluakulu aja. Mumadula ndi kulumikiza pa makope opepukawo, kompyuta osatsamwa, ndiye potulutsa vidiyo yomaliza pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni. Asiyeni apangike usiku inu mukugona.

Ine ndimati laputopu, osati kompyuta ya patebulo, chifukwa tonse tikukumbukira 2024. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita mpaka maola 21 pa tsiku. Ya patebulo ikazima vidiyo ili pakati potuluka, mumayambanso. Laputopu ili ndi batire lake, ndipo kumudzi kumene ambiri amadalira sola, palibenso mkangano.

Pulogalamu? DaVinci Resolve, ya kampani ya ku Australia ya Blackmagic Design, ili ndi mtundu waulere umene umakwanira ukwati uliwonse. Premiere Pro ya Adobe ndi yabwino koma amalipira mwezi ndi mwezi. Zija zokuba zimene amaikirana pa flash zimabwera ndi mavairasi, ndipo zimakonda kufa tsiku limene kasitomala ali pakhomo. CapCut ya pa foni isiyireni tizidutswa ta Facebook ndi TikTok.

Pali zinthu ziwiri zimene zimavuta kukonza pambuyo pake. Choyamba ndi kuphethira kwa chithunzi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, koma mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafulemu 30 pa sekondi. Mukajambula mu holo ya mababu otchipa, chithunzi chimatha kuphethira kapena kuonetsa mizere. Tcherani pa 25 kapena 50. Chachiwiri ndi mawu. Anthu amakhululuka chithunzi chakuda pang'ono, koma ankhoswe akamalankhula inu n'kumangomva mphepo ndi jenereta, vidiyoyo saionanso kachiwiri. Kamaikolofoni ka pakolala, ngakhale foni yachiwiri yoikidwa pafupi ndi wolankhula, imapulumutsa zambiri.

Pomaliza tulutsani mitundu iwiri: yaikulu ya pa flash yoonera pa TV, ndi yaing'ono ya 720p ya abale a mafoni ang'ono. Pa WhatsApp tumizani ngati document, imalola mpaka 2 GB ndipo saifinya.

Inu olipira, musamangofunsa kuti kamera ndi ya mtundu wanji. Funsani kuti mafayilo adzasungidwa pangati, komanso kwa miyezi ingati. Ife mu December tikukavumbula chiliza cha agogo kwa Zingalume, ndipo banja lasankhanso mnyamata yemwe uja, pakuti ndi mwana wa pamudzi. Hard drive ndagula kale mu Cairo Road. Sadzakwera njinga yake yamoto asanakopere ine ndikuona.