Ludzu limene madzi okha sangalithetse

Tayifodi ikafika poboola matumbo, madokotala nthawi zina amatulutsira kunja kwa mimba mapeto a matumbo aang'ono, kuti chimbudzi chizigwera m'thumba lomata pakhungu mpaka m'katimo mutapola. Opaleshoni imeneyi amaitcha ileostomy. Munthu wa ku Kaporo amakachitidwira kutali, ku Karonga boma kapena ku Mzuzu, koma miyezi yotsatirayo amakhala kumudzi, m'kutentha kwa m'mbali mwa nyanja. Ambiri obwereranso kuchipatala amabwerera chifukwa chotha madzi m'thupi.

Ntchito yoyamwa madzi ndi mchere imamalizidwa ndi matumbo aakulu, ndipo mwa wodwalayu chakudya sichifikako. Thumba likamadzaza mopitirira lita imodzi ndi theka patsiku, impso zili pangozi.

Apa mpamene achibale achikondi amalakwitsa. Wodwala akadandaula ludzu amathamangira madzi, tiyi kapena zakumwa zotsekemera. Zakumwa zopanda mchere zikalowa m'matumbo aang'ono zimakoka mchere wa m'thupi, n'kutulukira nawo limodzi m'thumba. Munthu amamwa, ludzu nkumakula. Madzi a ORS, amene tonse timawadziwa kuti Thanzi, amagwira ntchito mosiyana: shuga wake wochepayo amathandiza matumbo kuyamwa mchere, madzi nkumatsatira.

Vuto ndi lakuti ambiri amamwa masiku ochepa nkusiya. Ena amati amawawa mchere, ena amati ndi mankhwala a ana otsekula m'mimba. Ine ndimaona kuti mlandu si wa wodwala yekha, pakuti munthu amene sanamufotokozere bwino chifukwa chake sangapirire chakumwa chosakoma kwa miyezi. Thanziyo asungunulidwe m'madzi owiritsa kapena othira kolorini monga zalembedwera pa paketi, osawonjezera shuga, ndipo amwedwe pang'onopang'ono tsiku lonse, osati kugugudiza kamodzi. Wotsala pakatha maola 24 atayidwe. Akazizira m'botolo loviika mumtsuko amamweka bwino. Mwayi wa ku Kaporo ndi wakuti mpunga ndi nthochi, zimene zimalimbitsa chimbudzi, zili pakhomo, ndipo ndiwo za wodwalayu zisachepe mchere pokhapokha dokotala ataletsa.

Madzi akayamba kutha m'thupi, mkodzo ndiwo umaulula msanga. Ukachepa nkuda, kapena kukayamba chizungulire poimirira, kukokana kwa minofu ndi kuuma m'kamwa, wodwalayo apite ku chipatala cha Kaporo tsiku lomwelo, pakuti angafunike dilipi.