Mabotolo Osweka Angathandize Pomanga

Tikayenda pa msika wa Moatize kapena pa malire pa Zóbuè, timaona mabotolo osweka ali mbwee. Mabotolo ena a mowa, monga a 2M, amabwerera ku fakitale. Koma osweka sabwerera. Amangocheka ana kumapazi.

Tonse tidziwa kuti simenti ndi yodula. Imachokera kutali, monga ku Dondo kufupi ndi Beira, ndipo thumba lake ndi la makilogalamu 50. Kodi galasi lotayika lingachepetse simenti imene timagula? Inde, lingathe, koma pali malamulo ake.

Galasi amalipanga ndi mchenga, soda ndi laimu. Likaperedwa kukhala ufa, limagwirizana ndi laimu amene simenti imatulutsa ikanyowa. Ziwirizi zimapanga zomatira zina zimene zimatseka timabowo ta m'konkire. Motero pa ndowa 10 za simenti tingachotse imodzi, kapena ziwiri, ndi kuikapo ufa wa galasi. Kupitirira apo konkire ingafooke.

Zimenezi zachitika kale. Ku Montreal, m'dziko la Canada, anamanga milatho iwiri ya Darwin mu 2020 ndi 2021. Anachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a simenti. M'malo mwake munalowa ufa wa mabotolo 70,000.

Tsono timvetsetse apa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Galasi liyenera kusalala ngati ufa woyera wosefa, osati ngati mgaiwa. Tizidutswa tikatsala, timayambana ndi simenti ndi chinyezi. M'kati mwa khoma mumatupa pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka khoma limang'ambika. Ife a ku Moatize tidziwa kuwawa kwa nyumba yong'ambika. Mu Januwale 2012 anthu osamutsidwa a ku Cateme anatseka njanji ya malasha, ndipo ming'alu ya nyumba zawo inali limodzi mwa madandaulo awo. Kumeneko vuto silinali galasi ayi. Koma mng'alu ndi mng'alu.

Tisasinje galasi mu mtondo wa chimanga. Tisalitengere ku chigayo cha ufa. Timeneto tingalowe m'chakudya, m'maso ndi m'chifuwa. Ntchito imeneyi ifuna makina akeake, ndipo wogwira avale zotchinga maso, mphuno ndi manja. Munthu mmodzi sangaithe. Ndi ntchito ya gulu, kapena ya opanga mabuloko. Ife tingathandize potola mabotolo, kuwatsuka ndi kuchotsa mapepala ndi zivindikiro.

Konkire ya ufa wa galasi imachedwa kulimba. Kuno kumatentha kwambiri, choncho tiziithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7 kapena kupitirira. Mphamvu yake amaiyesa pa tsiku la 28.

Tiyambe ndi pansi pa nyumba, pa khonde, kapena mabuloko a mpanda. Za nsanamira ndi mitanda ya pamwamba pa zitseko, tifunse kaye katswiri wa zomangamanga.