Mbewa za ku New York ndi Chotupa cha Ana a M'mbali mwa Nyanja

Dzinja likatha ndipo minda ikayera, anyamata a ku Nkhotakota amanyamula makasu kukakumba mbewa, ndipo apaulendo pa msewu wa ku Salima amaziona zitapanidwa pa mipani. Kwa iwo mbewa ndi ndiwo basi. Komatu kanyama komweka, makamaka mbale wake wa m'nyumba amene anthu a sayansi amaweta m'zikwere, kathandiza madokotala kumvetsa nthenda ina yoopsa imene imagwira ana a m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi.

M'chaka cha 1951 Dr. Ludwik Gross, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha asilikali opuma ku Bronx mu mzinda wa New York, anatenga ziwalo za mbewa zodwala khansa ya m'magazi, nazipera, nasefa madzi ake pa sefa yothina kwambiri kotero kuti selo ngakhale limodzi silikadadutsa. Madziwo anawabaya m'tiana ta mbewa tongobadwa kumene, ndipo titakula tambiri tinadwala khansa yomweyo. Apa panaoneka kuti m'madzimo munali kachirombo kochepetsetsa. Anzake ambiri sanamukhulupirire kwa zaka zingapo, pakuti masiku amenewo munthu wonena kuti khansa ingabwere ndi kachirombo ankamuyesa wolota masana. Mpaka pamene Charlotte Friend mu 1957 ndi John Moloney mu 1960 anapeza tizirombo tina ta mtundu womwewo ndi pamene otsutsa anayamba kukhala chete.

Kachitidwe ka kachiromboka ndi kochititsa kaso. Selo liri lonse la thupi limasunga malangizo a moyo wake mu chinthu chotchedwa DNA, ndipo malangizowo ali m'zigawo zotchedwa majini (asasokonezeke awerengi a kunyanja, si majini aja a mizimu ai). Kachirombo ka mbewa kamafika ndi malangizo ake olembedwa mu RNA, kenaka kamawasandutsa DNA ndi kuwasokerera pakati pa malangizo a selo, monga mmene telala amasokerera chigamba pa nsalu. Mu 1970 Howard Temin ndi David Baltimore, aliyense payekha, anapeza chida chimene kachirombo kamagwiritsa ntchito posandutsapo, ndipo Baltimore anachipeza m'kachirombo ka khansa ya mbewa. Tsono chigambacho chikagwera pafupi ndi jini yolamula kuti selo lichulukane, monga ija yotchedwa MYC, jiniyo imatsegulidwa osatsekekanso, ndipo selo limabereka kosalekeza. Imeneyo ndiyo khansa.

Pa nthawi yomweyo ku Uganda kunali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, amene mu 1957 pa chipatala cha Mulago ku Kampala anaona mwana wotupa nsagwada mochititsa mantha. Ataona ana enanso otere, mu 1961 ananyamuka pa galimoto yakale pamodzi ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, nayenda mamailosi pafupifupi 10,000 kufunsa m'zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za dziko lino limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Zimene anapeza zinali zodabwitsa: chotupacho chinali chochuluka kumadera otsika, otentha ndi a chinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma kumapiri ozizira chinali chosowa. Nkhotakota, amene ali pafupifupi mamita 470 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndi madambo ake a mpunga ndi udzudzu wake, ndi dera la mtundu womwewo.

Munthu wina amene anamva Burkitt akukamba za nkhaniyi ku London mu 1961 anali Anthony Epstein, amene ankafufuza tizirombo ta khansa mu nkhuku. Pokhala wodziwa za nkhuku ndi mbewa, anaganiza kuti mwina nawonso anawo ali ndi kachirombo. Mu 1964 iye ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anakapezadi m'maselo a chotupa chochokera ku Kampala, ndipo lero kamatchedwa Epstein-Barr. Koma kachirombo aka si ka fuko la kaja ka mbewa, ndiponso pafupifupi munthu aliyense padziko ali nako osadwala. Nanga bwanji ana a kunyanja okha? Yankho lake ndi malungo. Mwana amene amadwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake oteteza thupi amachulukana mofulumira ndipo mphamvu yoletsa kachirombo kaja imachepa. M'chipwirikiti chimenecho nthawi zina selo limalakwitsa: chigawo cha chromosome ya nambala 8 chimaduka ndi kukalumikizika ku ya nambala 14. Mu 1982 kunadziwika kuti pa chigawo chodukacho pali jini ija ya MYC. Choncho mbewa ya m'chikwere ndi mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota amadwala m'njira zosiyana, koma chitseko chimene chimatseguka ndi chimodzi.

Mphatso ina ya mbewazi ndi yodziwika m'mudzi uli wonse. Kachirombo ka HIV, kamene kanapezeka mu 1983, ndi ka fuko lomwelo losokerera malangizo, ndipo mankhwala oyamba a Edzi otchedwa AZT anayamba ayesedwa pa tizirombo ta mbewa asanavomerezedwe mu 1987. Boma la Malaŵi linayamba kugawa ulere mankhwala otalikitsa moyo mu 2004.

Chotupa cha Burkitt ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malaŵi, makamaka a zaka zapakati pa 4 ndi 9. Chimayamba ngati dzino logwedera kapena tsaya lotupa, nthawi zina diso lotuzuka kapena mimba yokula, ndipo makolo ena amayamba athamangira kwa sing'anga, ena amamubisa mwanayo m'nyumba poopa maso a anthu. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa nthendayi mawuwa ndi owawa, chifukwa chotupachi chimamva mankhwala msanga kuposa khansa zambiri. Kumaiko olemera ana 9 mwa 10 alionse amachira. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anagwiritsa ntchito mankhwala otsika mtengo monga cyclophosphamide, pafupifupi theka la ana ankachira, ndipo ambiri mwa otayika anali ofika mochedwa kapena osiya mankhwala panjira.

Mwana wa ku Nkhotakota akaoneka ndi zizindikirozi, chipatala cha boma kapena cha St. Anne's chimamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima. Maselo a chotupachi amatha kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha, motero banja limene likudikira kuti ligulitse kaye mpunga kapena usipa lipeza kuti pakutha pa sabata ziwiri mwana sangathenso kutafuna nsima.